Makomiki Ankabwera pa Basi

Nkhani za zithunzi zinafika ku Nyimba ndi ku Petauke kudzera njira yomwe inkabweretsa mchere, sopo ndi makalata a abale athu a kumigodi. Njira yake ndi msewu wa Great East, umene umachoka ku Lusaka, kuwoloka Luangwa, kukhotakhota m'mapiri a Kacholola n'kutsikira kwathu. Makina osindikizira mabuku kunalibe kuno. Chilichonse cholembedwa chinkabwera m'chikwama cha munthu, ndipo chikafika sichinalinso cha mwini wake yekha.

Makolo athu anayamba ndi Mutende, nyuzipepala imene boma la atsamunda linayambitsa mu 1936, yolembedwa m'Chingerezi ndi m'zinenero zina za dziko lino, kuphatikizapo Chinyanja. Kenaka kunabwera Nkhani za Kum'mawa, ndipo dziko litalandira ufulu tinadziwa Tsopano, ya nthambi ya boma yofalitsa nkhani. Zonsezi zinali za akuluakulu, zonena za misonkhano, ulimi ndi maulendo a nduna. Ife ana zithunzi zathu zoyamba zinali za Jelita ndi Mulenga m'mabuku a kusukulu. Apa pali chinthu chimene chinaumba mbiri yonse imene ndikufotokozayi. Pakati pa zaka za m'ma 1960 boma linagamula kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Giredi 1. Choncho mwana wa Chinsenga amene kunyumba ankamva nthano m'chinenero cha amayi ake, akaona chithunzi cha munthu wolankhula papepala, munthuyo ankalankhula Chingerezi. Tinakula tikuganiza kuti ndi mmene zimayenera kukhalira.

Komiki yoyamba imene ndinaigwira inali African Film. Amalume anga, amene ankagwira ntchito ku Lusaka, anaikulungiramo nsapato za agogo. Magaziniyi inkatuluka kuyambira 1968 mpaka 1972, yosindikizidwa ndi kampani ya Drum, ndipo inkawerengedwa m'maiko ambiri a Africa olankhula Chingerezi. Zithunzi zake sizinali zojambula pamanja. Anali anthu enieni ojambulidwa ndi kamera, mawu awo ataikidwa m'timabwalo pamwamba pa mitu. Ngwazi yake anali Lance Spearman, amene tonse tinkangomuti Spear, munthu wa suti, chipewa ndi kandevu kosongoka, wolimbana ndi chigawenga chotchedwa Rabon Zollo. Kwa mwana amene anali asanaonepo kanema, kuona munthu wakuda akuyendetsa galimoto yothamanga, akugwetsa achifwamba ndi chibakera chimodzi, popanda mzungu womuuza chochita, chinali chinthu chachikulu kuposa mmene mwana wa lero angaganizire. Masamba awiri omaliza anali atathothoka kale, ndiye aliyense wa ife anali ndi mathero akeake, ndipo tinkakangana nawo kubusa.

Koma imene inatilera ndi Orbit. Inayamba mu 1971, ndipo amene anailimbikira anali a Valentine Musakanya, omwe panthawiyo ankayang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi luso m'boma. Cholinga chawo chinali choti ana a Zambia akonde sayansi, ndipo anazindikira kuti mwana sumukopa ndi ulaliki. Anaikamo nkhani za zithunzi zamitundu yowala: Space Safari ya maulendo a kuthambo, ndi Fwanya wotiseketsa, pambali pa nkhani za nyama, makina, mafunso ndi makalata a owerenga. Panali patangopita zaka ziwiri chichokereni pamene anthu anaponda pamwezi mu 1969, ndipo mu 1974 dziko lathu linatsegula siteshoni ya Mwembeshi yolumikizana ndi masetilaiti. Ana a m'midzi ya kwa Kalindawalo, amene usiku tinkawerengera pa koloboyi, tinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ena mwa ife adzayendetsa zombo za kuthambo. Ena mwa anzanga amene anadzakhala amakaniko, anamwino ndi aphunzitsi a sayansi mukawafunsa lero kumene chidwi chinayambira, amatchula Orbit asanatchule mphunzitsi aliyense.

Kawerengedwe kake n'komwe ndikufuna kuti kasaiwalike, chifukwa sikalembedwa m'buku lililonse. Magazini ikafika pasukulu, inkayamba yagona kwa aphunzitsi. Ikatuluka kumeneko inkapita kwa anyamata akuluakulu a Giredi 7, ndipo ife aang'ono tinkagula malo pamzere ndi mtedza wokazinga, nzimbe kapena kulonjeza kusesa m'malo mwa mwini wake. Sinkawerengedwa mwakachetechete. Mmodzi wodziwako Chingerezi ankakhala pakati, ena tonse titamuunjirira, iye n'kumamasulira m'Chinsenga, akusintha mawu pa munthu aliyense, apa mawu aakulu a chigawenga, apa mawu onjenjemera a wogwidwa. Pamene Chingerezi chamukanika ankangopeka, ndipo nthawi zambiri zopeka zakezo zinkakoma kuposa zolembedwa. Atsikana ankapatsidwa pomaliza, pepala litafewa ngati nsanza, ndipo ambiri ankaitanidwa kumtondo asanafike pakati. Zimenezi zimandipwetekabe mtima, chifukwa mlongo wanga ndiye ankajambula bwino kuposa tonse m'banja mwathu.

Wobwereketsa magazini ndiye analinso wolangiza. Ankadziwa kuti uyu amakonda zankhondo, uyu zoseketsa, uyu zanyama, ndipo ankakuuza kuti yamba iyi, iyo udzaimva ukakula. Ikatha ntchito yake, magazini sinkatayidwa. Masamba okongola ankamatidwa pakhoma ndi phala, ena ankakutira makope, otsala agogo ankapichira fodya kapena amayi kukulungira zitumbuwa. N'chifukwa chake lero mungayende kuchokera ku Minga mpaka kwa Nyalugwe osapeza ngakhale kope limodzi lathunthu.

Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, zinthu zinayamba kusowa, ndipo pepala linasowa pamodzi ndi sopo ndi mafuta ophikira. Pamene ndinkayamba uphunzitsi m'dera la Nyimba m'zaka za m'ma 1980, buku limodzi linkagawidwa kwa benchi lonse, ndipo komiki inali chuma. Mabasi a UBZ, amene ankatibweretsera zowerenga, nawo anatha mu 1995.

Zaka za m'ma 1990 zinabweretsa mtundu wina. The Weekly Post itayamba mu 1991, chaka chimene ndale za zipani zambiri zinabwerera, tinaona kwa nthawi yoyamba atsogoleri akujambulidwa ndi mimba zazikulu ndi mphuno zazitali. Trevor Ford, amene ankasaina kuti Yuss, ndiye ambiri timamukumbukira, ndipo pambuyo pake kunabwera Choklet Roy Kazembe. Nyuzipepala inkafika pa boma madzulo kapena mawa lake, ndipo pagolosale anthu ankayamba kuona katuni asanawerenge mutu wa nkhani. Ngakhale mkulu wosadziwa kuwerenga ankazindikira nkhope n'kuseka, kenaka n'kuyang'ana uku ndi uku, poti mantha a nthawi ya chipani chimodzi anali asanatheretu. Amalonda odutsa pa Mwami ankabweretsanso nyuzipepala za ku Malawi, mmene tinakumana ndi Pewani ndi Zabweka a Brian Hara, ndiponso Amtchona, anthu amene khalidwe lawo tinkalidziwa popanda wotimasulira.

Nthawi yomweyo bungwe la UNICEF linatulutsa Sara, mtsikana woyenda ndi kanyani kake Zingo, amene ankalimbana kuti asachotsedwe sukulu. Ena ankati ndi uphungu wovekedwa zithunzi, ndipo n'zoona kuti inali ndi phunziro loonekeratu. Ine ndimailemekeza. Inali komiki yoyamba imene atsikana a m'kalasi mwanga anailanda m'manja mwa anyamata, n'kunena kuti iyi ndi yathu. Supa Strikas, ya mpira, imene inayamba ku South Africa mu 2000, inabwezera anyamata pamzere wawo, ndipo panalibe bwalo la mpira wachikulunga lopanda mwana wodzitcha Shakes, ngwazi ya komikiyo.

Lero basi yalowedwa m'malo ndi foni. Adzukulu anga akagula bandulo amatsegula makomiki ochuluka kuposa onse amene ndinawaonapo pa moyo wanga, ambiri a ku Korea ndi ku Japan, owerengedwa chotsetsereka ndi chala pa Webtoon. Vuto lawo si kusowa ayi, koma kusowa wowauza poyambira. Ndiye ntchito ya wobwereketsa uja ndaitenga ine. Wokonda ngwazi zamphamvu ayambe ndi Comic Republic ya ku Nigeria, imene Jide Martin anayambitsa mu 2013 ndipo imaika makomiki ake pa intaneti kwaulere. Guardian Prime ndiye khomo lake. Akatero afunefune Kwezi wa Loyiso Mkize wa ku South Africa, mnyamata wa m'tauni wodzikonda amene mphamvu zake zimamukakamiza kudziwa kwawo. Ameneyu ndimamuika pamwamba, chifukwa ndaona ana ambiri a kuno akupita ku Lusaka n'kuyamba kuchita manyazi ndi Chinsenga. Wofuna kuseka za mabwana ndi antchito a m'nyumba awerenge Madam & Eve, imene yakhala ikutuluka kuyambira 1992. Wa ndale aone zojambula za Gado, Mtanzania amene anatchukira ku Kenya, ndipo wa masamu ndi sayansi ayese xkcd ya Randall Munroe, ya tianthu ta timitengo, ngakhale Chingerezi chake n'cholimba. Za chikondi zilipo zambirimbiri, ndipo yotchuka ndi Lore Olympus ya Rachel Smythe, koma imeneyo ndi ya akuluakulu, osati ya mwana wa pulayimale.

Kwathu kuno kuli Mwelwa Musonko ndi The Fifth Element, yonena za kusintha kwa nyengo, ndipo mu 2023 Malenga Mulendema anafikitsa Lusaka pa Netflix ndi katuni yoyenda ya Supa Team 4. Koma imene ndimafuna kuti achinyamata athu aiphunzire bwino ndi Shujaaz ya ku Kenya, yoyamba mu 2010, chifukwa inalembedwa m'Sheng, chilankhulo cha mumsewu cha achinyamata a kumeneko, ndipo sinapepese kwa aliyense.

Kuyambira pa Spear kufikira pa foni, ife a ku Petauke ndi ku Nyimba takhala olandira. Komabe nkhani tili nazo: amayi ogulitsa nthochi amene amathamangira basi iliyonse pa Nyimba, mlimi wa kwa Luembe wogona kumunda kulondera njovu, mabanja a ku Mozambique amene anathawira ku Ukwimi nkhondo itakula kwawo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ojambula tili nawonso, ndinawaphunzitsa ndekha, ndipo masamba akumbuyo a makope awo ankadzaza magalimoto ndi nkhope za aphunzitsi. Kale ankasowa makina osindikizira, koma lero pensulo, pepala ndi kamera ya foni n'zokwanira kuti tsamba lifike pa WhatsApp ndi pa Facebook. Aphunzitsi anzanga, mukapeza mwana akujambula kumbuyo kwa kope musamulande. Mupatseni pepala loyera, ndipo mumuuze kuti anthu ake alankhule Chinsenga kapena Chinyanja, monga amalankhulira kwawo.