Injini Ili Kumbuyo: Mbiri ya Porsche 911

Tsiku limene ndinaima pafupi ndi Porsche 911 koyamba, ndinapempha mwini wake atsegule kutsogolo kuti ndione injini. Anatsegula uku akumwetulira. Munali kapeti ndi kachikwama ka zovala basi. Chikhalirecho ndinkadziwa kuyambira ndili mnyamata, pamene chithunzi cha galimotoyi chinkalendewera pa kalendala yothimbirira ndi girizi m'galaja ina ya kwathu, kuti injini yake imakhala kumbuyo. Koma munthu ukayandikira chinthu chimene wachisirira zaka zambiri, nzeru zimayamba zabalalika.

Inali 911 SC, mtundu umene unkapangidwa kuyambira 1978 mpaka 1983. M'kati munkanunkhira oyilo wotentha ndi chikopa chakale. Zopondera zake zitatu zinatuluka pansi ngati mphukira, osati kulendewera kuchokera pamwamba monga tinazolowera. Kuseri kwa chiwongolero kunali mawotchi asanu, ndipo yaikulu ya pakati sinkaonetsa liwiro la galimoto koma kuzungulira kwa injini. Nditailiza, phokoso lonse linachokera kumsana, lokhala ngati makina osokera ambiri akuyenda nthawi imodzi, fani ikulira pamwamba pake. Mwini wake anandigwira pa mkono.

"Achimwene, chimodzi chokha. Mukalowa pa kona muli pa liwiro, musachotse phazi pa moto mwadzidzidzi."

Mbiri yonse ya galimotoyi ili m'chenjezo limeneli.

Injini inapezeka kumbuyo chifukwa cha umphawi, osati mpikisano. Ferdinand Porsche, amene anatsegula ofesi yake yojambula magalimoto ku Stuttgart mu 1931, ndiye anapatsidwa ntchito ndi boma la Hitler yopanga galimoto yotchipa ya anthu wamba, imene inadzakhala Volkswagen Beetle, dzina lotanthauza chikumbu. Anaika injini kumbuyo, yozizira ndi mpweya, kuti pasakhale ladiyeta yoti ibooke kapena madzi oti aundane m'nyengo yozizira. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, iye ali m'ndende ya Afalansa, mwana wake Ferry anali ku Gmünd m'dziko la Austria, m'mashedi a malo akale ochekera matabwa. Zipangizo zimene akanazipeza zinali za Beetle yomweyo. Choncho mu 1948 kunabadwa Porsche 356, ya thupi la aluminiyamu losulidwa ndi manja, ya mahatchi osapitirira 40. Yoyambirira yeniyeni inali ndi injini pakati, pamene akatswiri amati ndiye pamalo pake, koma zogulitsa zonse anazibwezera injini kumbuyo kuti m'kati mutsale malo.

Pofika 1963, 356 inali itakalamba. Mu September chaka chimenecho, pa chionetsero cha ku Frankfurt, anavundukula galimoto yatsopano imene thupi lake analijambula mdzukulu wa Ferdinand, Ferdinand Alexander, wodziwika ndi dzina loti Butzi. Inali ndi injini ya masilinda 6 ogona chammbali, atatu uku atatu uku, ya malita 2, mahatchi 130, liwiro lofika makilomita 210 pa ola. Anaitcha 901. A Peugeot anadandaula kuti maina a manambala atatu okhala ndi ziro pakati ndi awo, ndipo zitapangidwa 82 zokha, a Porsche anachotsa ziroyo n'kuikapo 1.

Kuti mumvetse vuto la galimotoyi, kumbukirani njinga imene yanyamula thumba la chimanga pa kaliyala, thumbalo litatulukira kumbuyo kwa tayala. Pokwera chitunda tayala la kumbuyo limaluma nthaka bwino, silitereraterera. Koma kutsogolo kumapepuka, mahandulo amangoyandama, ndipo mukakhota mwamphamvu thumba lija limafuna kupitirira kumene linkapita. Mu 911, kulemera pafupifupi magawo 60 pa 100 kuli kumbuyo. Dalaivala akachita mantha pakati pa kona n'kusiya moto, kulemera kumathamangira kutsogolo, matayala a kumbuyo amamasuka, ndipo mchira umazungulira kudzatsogola. Anthu ambiri analowa nayo m'tchire chafutambuyo. Mankhwala oyamba a vutoli ndi oseketsa: pa magalimoto ena oyambirira anabisa zitsulo ziwiri, chilichonse cha makilogalamu 11, m'mbali mwa bampala kutsogolo. Taganizani, kampani yonyadira kupepuka kwa galimoto zake n'kumanyamulitsa makasitomala zitsulo zopanda ntchito. Mu 1968 anachita zanzeru pang'ono: anasunthira matayala a kumbuyo mamilimita 57 chakumbuyo, n'kuika mabatire awiri m'mphuno.

Komatu thumba lomwelo ndi limene linkapambanitsa. Pa chipale ndi m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri, galimoto imene matayala ake oyendetsa apanikizidwa ndi injini imatuluka pa kona ngati mwala wa pa legeni. Vic Elford anapambana nayo mpikisano wa Monte Carlo mu 1968, ndipo Björn Waldegård anabwereza mu 1969 ndi 1970. Mu 1972 kunabwera Carrera RS 2.7, ya mahatchi 210, yokhala ndi kaphiko kumbuyo kamene anakatcha mchira wa bakha. Malamulo a mpikisano ankafuna kuti zipangidwe 500, ndipo a zamalonda m'kampanimo ankakayika ngati zingagulidwe. Zinapangidwa 1,580. Masiku ano anthu olemera amalimbirana zimenezi pa okushoni, ndipo ambiri mwa iwo saziyendetsa n'komwe.

Mbiri ya kuopsa inakhazikika ndi Turbo, imene inayamba kugulitsidwa mu 1975. Turbo ndi kafani kozungulitsidwa ndi utsi wotuluka mu injini, kamene kamakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Za nthawi imeneyo zinkachedwa kudzuka. Munthu ankaponda moto, osamva kanthu, n'kuponderanso, kenako mahatchi 260 onse n'kufika nthawi imodzi ngati ng'ombe zaswa khola. Zikachitikira pa kona, mvula itagwa, mapeto ake ankadziwika. Mu 1977 anaikuza kufika malita 3.3 ndi mahatchi 300, magiya akadali anayi okha mpaka 1989. Anthu anaipatsa dzina lotanthauza kuti yosiyitsa akazi umasiye, ndipo chodabwitsa n'chakuti dzinalo linakopa ogula m'malo mowathamangitsa. Ndi Turbo imeneyi, ya ziuno zotambalala ndi phiko lalikulu kumbuyo, imene inadzaza makoma a zipinda za anyamata padziko lonse.

Kuno ku Africa 911 inakumana ndi zokhoma. A Porsche anayesa kangapo mpikisano wa Safari wa ku Kenya, wa matope ndi fumbi, osautenga. Waldegård anathera pa nambala 2 mu 1974. Mu 1978 anabweranso ndi 911 SC zokwezedwa m'mwamba. Vic Preston Jr wa ku Kenya komweko anakhala wachiwiri, Waldegård wachinayi. Amene anapambana anali Jean-Pierre Nicolas, ndipo ankayendetsa Peugeot 504. Anthu omwe aja analanda ziro analandanso chikho. Chipukuta misozi chinabwera mu 1984, pamene René Metge anapambana mpikisano wa Paris–Dakar ndi 911 yokoka ndi matayala onse anayi.

Pamene zonsezi zinkachitika, akuluakulu a kampaniyo anali ataiweruza kale kuti ife. Ernst Fuhrmann, amene ankatsogolera m'zaka za m'ma 1970, ankaona kuti malamulo a phokoso, utsi ndi chitetezo, makamaka a ku America, sadzalola galimoto yotere. Sanali wopusa. Anatulutsa 928 mu 1977, ya injini ya V8 kutsogolo, yozizira ndi madzi, yodekha pa msewu, ndipo inalandira mphoto ya galimoto yopambana ku Ulaya mu 1978. Pa pepala inkaposa 911 m'zambiri. Koma ogula ankangobwerera ku yakale ija. Mu 1981 Peter Schutz atatenga udindo, analowa mu ofesi ya mkulu wa mainjiniya, Helmuth Bott, n'kupeza tchati pakhoma chosonyeza tsogolo la mitundu yonse, mzere wa 911 utathera pafupi. Malinga ndi mmene iye mwini ankafotokozera, anatola cholembera n'kupitiriza mzerewo mpaka kutuluka pa pepala n'kukwera khoma. Ndi 928 imene inadzafa, mu 1995.

Kuyambira pamenepo ntchito inali imodzi: kuweta nyamayi popanda kuidula mchira. Mtundu wa 964, wa mu 1989, unabweretsa mabuleki a ABS, chiwongolero chothandizidwa ndi makina, ndi Carrera 4 yokoka ndi matayala onse. Wa 993, wa mu 1993, unalandira miyendo yatsopano ya kumbuyo, ya tizitsulo tambiri togwira tayala kuti lisapotoke dalaivala akasiya moto. Ambiri amati imeneyi ndiye 911 yokoma kuposa zonse, ndipo pang'ono ndimagwirizana nawo, ngakhale ndikukayika ngati akanaitama chonchi ikanapanda kukhala yomaliza yozizira ndi mpweya.

Pakuti mu 1997 madzi analowa. Kampani inali itatsala pang'ono kugwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mmodzi wa akuluakulu ake, Wendelin Wiedeking, anaitana akatswiri a ku Japan ophunzitsidwa njira za Toyota kuti adzakonze fakitale ya ku Zuffenhausen. Mtundu wa 996 unagawana nkhope ndi Boxster yotchipirapo, nyale zake anthu n'kumaziyerekeza ndi mazira okazinga, ndipo injini yake ya malita 3.4 inkazizira ndi madzi. Okonda zakale analira maliro. Ine ndimaona kuti analira mopitirira. Mpweya wokha sukanathanso kuziziritsa injini ya mavavu anayi pa silinda iliyonse, malamulo a utsi ndi phokoso anali atathina, ndipo popanda 996 sipakanakhalanso 911 yoti aidandaule. Chimene anataya chenicheni ndi kulira kuja kwa fani, ndi mwambo woyeza oyilo injini ikulira itatentha bwino, oyilo wopitirira malita 10 amene ankagwira ntchito ya madzi.

Zotsatira zake zinabwera mofulumira: giya ya PDK yosintha yokha mu 2008, chiwongolero cha magetsi mu 2011, matayala a kumbuyo okhota nawo pang'ono mu 2013, turbo pa Carrera wamba mu 2015. Ya nambala 1,000,000, yobiriwira, inatuluka m'fakitale mu May 2017. Mtundu wa 992, umene unaonetsedwa ku Los Angeles mu 2018, uli ndi timakutu pafupi ndi matayala a kutsogolo tomvera kuthovoka kwa madzi, ndipo umachenjeza dalaivala kuti msewu wanyowa. Turbo S ya mu 2020 ili ndi mahatchi 650, kasanu ndendende kuposa ya mu 1963, ndipo imafika makilomita 100 pa ola m'masekondi 2.7, pamene agogo ake ankatenga pafupifupi 9. Mu 2024 GTS inalandira mota ya magetsi yothandizira injini, ndipo wotchi ya pakati ija, imene inali yomaliza kukhala ndi muvi weniweni, inasanduka chithunzi pa sikirini.

Apa ndiye pali chinthu chimene chimandisowetsa mtendere. Munthu amene anakula akuyang'ana Turbo ya pa khoma, n'kudzakwera 911 yatsopano lero, amakumana ndi galimoto ina. Ndi yaikulu, yolemera pafupifupi tani imodzi ndi theka pamene yoyamba inangopitirira tani pang'ono, ndipo ndi yaulemu. Akasiya moto pa kona, makompyuta amagwira buleki ya tayala limodzi iye asanadziwe n'komwe kuti walakwitsa. Liwiro lake ndi loopsa, limakanikizira mutu pa mpando mpaka m'mimba kuchita nseru, koma malire ake ali kutali kwambiri moti pa msewu wa anthu onse simungawayandikire popanda kuika miyoyo ya ena pachiswe. Sindingafune kuti abwezeretse galimoto yopha anthu. Komabe amene anasirira chilombo amapeza chitawetedwa, ndipo n'chifukwa chake mitengo ya zakale zozizira ndi mpweya inakwera chonchi.

Chimodzi chimene sanasinthe ndi malo olizira injini, mbali ya ku chitseko. A Porsche amakonda kunena kuti zinachokera ku Le Mans, kumene mpaka 1969 madalaivala ankayamba mpikisano pothamanga wapansi kudutsa msewu n'kudumphira m'galimoto: dzanja limodzi liliza injini, linalo lili kale pa giya. Kwa Ajeremani, kiyi wa kumanzere ndi chachilendo chimene amachionetsa alendo. Mu SC imene ndinakwera ine, ya chiwongolero cha kumanja ngati zathu, kiyi anali kudzanja lamanja, pamene ndakhala ndikumupeza moyo wanga wonse, moti nthano yonseyi inandidutsa osaizindikira.

Tinatuluka pa geti, itandizimira kamodzi chifukwa kalachi yake inali yolimba ngati ya thalakitala. Pa msewu wowongoka chiwongolero chinkanjenjemera m'manja, chikundiuza za kamwala kalikonse, ndipo mapewa awiri a nyale ankaoneka kutsogolo ngati mizere ya m'munda. Kenako kona inafika. Chenjezo lija linandibwerera, mtima unagunda, ndipo phazi langa linachita zomwe analiletsa: linadzuka lokha pa moto. Ndinagwiritsa chiwongolero, kudikira kuti mchira uzungulire. Palibe chinachitika. Mwini wake anasuzumira pa wotchi ya liwiro, imene inkaloza pa 40, n'kuseka mpaka kupukuta misozi.

"Pitirizani, achimwene. Pa liwiro ili ngakhale ngolo singagwe."