Mbiri ya Sementi ya ku Chilanga

Munthu wocokera ku Lusaka kulinga ku Kafue, atayenda mamailosi ngati 10, amafika pa Chilanga. Kale malowa anali kamudzi cabe, ngakhale kuti Boma loyang'anira dera lonselo linayamba lakhala pomwepo lisanasamukire ku Lusaka. Boma litacoka, ambiri anayesa kuti dzina la Chilanga laiwalika. Koma pansi pa nthaka yace panali cuma cimene makolo anali kungopondapo, ndico miyala ya njereza.

Nkhondo yaikuru yaciwiri itatha mu 1945, nchito zomanga zinacuruka m'dziko la Northern Rhodesia, makamaka ku migodi ya mkuwa. Sementi inali kudza pa njanji kucokera kumwera, ndipo inali yosakwanira. Cifukwa ca ici, mu 1949 Boma linagwirizana ndi Colonial Development Corporation kuti amange fakitale pa Chilanga, ndipo mu 1951 ng'anjo yoyamba inayaka.

Kapangidwe kace nkotere: miyala ija amaiphwanya, naisakaniza ndi dothi, naipera. Kenaka amaiotca m'ng'anjo yaitali yozungulira, imene moto wace wa malasha uposa madigiri 1,400. Zoturukamo ndi timibulu tolimba, ndipo akatipera pamodzi ndi gypsum pang'ono, ndiyo sementi. Anthu amene anazolowera khasu anaphunzira kugwira nchito usiku, pakuti ng'anjo yotere siizimitsidwa dzuwa likalowa.

Cimene cinakweza Chilanga koposa ndi damu la Kariba, lomangidwa pa Zambezi kuyambira 1955 kufikira 1959. Sementi yambiri ya khoma lija, lotalika mamita 128, inacokera kuno. Apa mpoyenera kunena zoona zonse: khomalo linapatsa migodi magetsi, koma madzi ace anamiza minda ndi manda a Atonga, ndipo anthu okwana ngati 57,000 anasamutsidwa, ambiri mosafuna.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, fakitale yaciwiri inatsegulidwa ku Ndola mu 1969. Boma la Zambia linagulitsa kampaniyi mu 1994, ndipo mu 2001 inalowa m'manja mwa Lafarge ya ku France, imene pambuyo pace inacotsa dzina lakale. Mu 2021 inagulidwa ndi Huaxin ya ku China, ndipo eni atsopanowo anabwezera dzina la Chilanga.