Mphindi 40 kumwamba, maola 5 pansi

Kwathu ndi ku Bembeke, kumapiri a Dedza, komwe mu Juni madzi osamba amafuna kulimba mtima. Tsiku lina ndikudikira minibasi pa M1 ndinamva ndege ikudutsa m'mitambo, ndiye ndinayamba kuwerengera. Kuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukatera pa Chileka, mtunda wake sukwana makilomita 250, ndipo ulendowo ndi wa mphindi 40 kapena kuposerapo pang'ono. Pamsewu, Lilongwe mpaka Blantyre kudzera pa Zalewa ndi makilomita oposa pang'ono 300. Basi ikayenda bwino ndi maola 4 kapena 5. Ikakhala minibasi yoima pa Lizulu kuti anthu agule kachewere ndi kabichi, iwalani za wotchi.

Mtunda umenewu sunali nkhani yaikulu kale. Likulu la dziko linali ku Zomba, malonda ku Blantyre, mizinda yoyandikana. Kamuzu Banda atasamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975, boma linapita pakati, koma mafakitale ndi makampani ambiri anatsala kum'mwera. Basi kuyambira pamenepo akuluakulu akhala akuthamanga uku ndi uku, ndipo ife a ku Dedza ndi Ntcheu tinasanduka anthu a m'mbali mwa njira.

Chomwe chimandisowetsa mtendere n'chakuti ine, ndi digiri yanga, ndege sindinaikwerepo. Koma agogo anga aamuna, omwe sukulu analekezera sitandade 2, anaikwerapo. Anali a Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni. Ankanena kuti chovuta chinali kukafika ku Blantyre: fumbi, matope, kugona panjira. Akafika pa Chileka, ndege inkawanyamula mpaka ku Francistown ku Botswana, kenaka sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Tangoganizani, munthu wosadziwa kulemba dzina lake bwinobwino akuona mitambo ili pansi pake. Sikuti ankamulemekeza ayi. Mgodi unkamufuna msanga.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yobweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka pa Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo, ndi katundu yemwe anakhetsera thukuta. Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito ya kumigodi. Zinadzayambiranso mu 1977 koma mochepa, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza Edzi. Agogo sanabwererenso. Anatsala ndi jekete lolemera lija ankavala pa maliro aliwonse.

Msewu nawo uli ndi mbiri yomwe wa m'ndege sangaione. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, M1 imayenda m'malire enieni: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta cha m'ma 1986, anthu ankangodumpha msewu womwewu kuthawa zipolopolo, ndipo Malawi inasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni mpaka mtendere wa 1992. Amayi amati anzawo ena a kusukulu anali ochokera ku Angonia, oyankhula Chichewa chomwechi.

Mwezi wamawa ndili ndi intaviyu ku Blantyre, 8 koloko m'mawa. Kuti ndikwere ndege ndiyenera kubwerera kaye makilomita oposa 100 kumpoto, ndi ndalama yomwe ndilibe. Ndiye ndinyamuka dzulo lake, ndikagona kwa azakhali ku Ndirande.