Kingdom: Filimu ya Nyama za m'Chigwa cha Luangwa

Kingdom ndi filimu ya BBC imene inayamba kuonetsedwa m'chaka cha 2025, ndipo wosimba nkhani yake ndi David Attenborough. Inajambulidwa kwa zaka 5 ku Nsefu, m'nkhalango ya South Luangwa, kufupi ndi dera la Mfumu Kakumbi m'boma la Mambwe. Imalondola mabanja a mikango, anyalugwe, afisi ndi mimbulu polimbirana malo ndi chakudya.

Woipenda mozama amaona kuti nyamazo zikutchulidwa maina, monga nyalugwe Olimba, kuti oonerera azizimvera chisoni ngati anthu. Amadzifunsanso zimene zinasiyidwa pofupikitsa zakazo kukhala maola ochepa, ndiponso ngati mawu a alimi okhala moyandikana ndi nyamazo akumveka mokwanira.