Kodi "extension" ya Markdown n'chiyani?

Ambiri akamva "extension" amaganiza za chingwe chamagetsi chija timalumikizako wailesi ndi tchaja. Sanaphonye kwenikweni: mawuwa anachokera ku Chilatini, extendere, kutanthauza kutambasula.

Markdown ndi kalembedwe kosavuta kamene John Gruber anatulutsa mu 2004. Kumeneko extension ndi luso lowonjezera, loti mutha kuyatsa kapena kuzimitsa mu pulogalamu yosandutsa zolemba zanu kukhala tsamba la pa intaneti. Poyambirira penipeni kunalibe matebulo kapena mawu am'munsi mwa tsamba. Zinabwera ngati zowonjezera.

Tiyerekeze mlembi wa mpingo wakonza tebulo la zopereka ndi timizere toimirira. Pa tsamba la pa intaneti la GitHub laoneka bwino, koma kwina kwangotuluka timizere tokhatokha. Asafulumire kulembanso, ayambe waona ngati extension ya matebulo ili yoyatsa.