Kudyeka kwa fupa pakati pa mizu ya dzino

Mano otafunira am'munsi amakhala ndi mizu iwiri, am'mwamba itatu. Chiseyeye chikakula, fupa la pamphanda ya mizuyo limadyeka, n'kusiya mphako yomwe mswachi sufikamo. Mu 1975, wofufuza wina dzina lake Hamp ndi anzake anagawa vutoli m'magawo atatu: mphako yosapitirira mamilimita 3, yopitirira pamenepo, ndi yoboola mbali zonse.

Pamphako yaing'onoyo, dokotala wa mano amangopala zokanirira pamizu. Gawo lachiwiri ndilo lopatsa chiyembekezo chobwezeretsa fupa, makamaka pamano am'munsi: amatsegula nkhama, kuikamo fupa lothandizira ndi kansalu kotchinga kuti fupa limerenso. Mphako ikaboola mbali zonse, fupa silibwerera kawirikawiri. Apa dokotala amachotsa muzu umodzi, kukulitsa mphakoyo kuti izitsukika, kapena kuzula dzino. Fodya ndi shuga wosasamalidwa zimabweza m'mbuyo kuchira, choncho wodwala azisamale msanga.