Mavayirasi a Kompyuta: Momwe Amalowera M'maofesi ndi Njira Zowapewera

Pa 12 Meyi 2017, tsiku Lachisanu, madokotala ndi anamwino a m'zipatala zambiri za boma ku England anapeza makompyuta awo akukana kutsekula mafayilo a odwala. Pagalasi panali uthenga wofiira wonena kuti mafayilo onse amangidwa, ndipo ofuna kuti amasulidwe alipire madola 300 a ku America kudzera mu ndalama ya pa intaneti yotchedwa Bitcoin. Tsiku lomwelo zipatala zina zinayamba kutumiza maambulansi kwina, ndipo ntchito zomwe zinkachitika pa makina zinabwerera ku pepala ndi cholembera.

Pulogalamu yomwe inachita izi imatchedwa WannaCry. M'masiku ochepa chabe inagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150. Ku England kokha, maulendo pafupifupi 19,000 oti odwala akaonane ndi dokotala analephereka, ndipo unduna wa zaumoyo m'dzikolo unawerengera kuti chipwirikiticho chinadya mapaundi 92 miliyoni. Chodandaulitsa n'chakuti mankhwala ake analipo kale. Kampani ya Microsoft inali itatulutsa chigamba chotseka mpata womwe WannaCry inalowerapo pa 14 Malichi, pafupifupi miyezi iwiri m'mbuyo mwake, koma maofesi ambiri anali asanachiike m'makina awo.

Nkhaniyi ikukhudza wina aliyense amene amasunga zinthu za boma pa kompyuta, kaya ndi kaundula wa malipiro, makalata a unduna, zotsatira za mayeso kapena mbiri za odwala. Walira mvula walira matope: makina omwe afewetsa ntchito m'maofesi anabwera ndi matenda awo.

Kodi vayirasi ndi chiyani?

Vayirasi ya kompyuta si kachilombo kamoyo ayi. Ndi pulogalamu yomwe munthu analemba dala kuti izidziphatika ku mafayilo kapena mapulogalamu ena, ndipo fayilo yogwidwayo ikatsekulidwa, vayirasiyo imadzuka n'kudzichulukitsa. Dzinali linatchuka kudzera mu kafukufuku wa Fred Cohen wa ku University of Southern California m'zaka za 1983 ndi 1984, chifukwa kafalidwe kake kamafanana ndi ka tizilombo toyambitsa matenda m'thupi.

Anthu ambiri amangoti vayirasi akanena za pulogalamu iliyonse yoononga, koma akatswiri amazitcha zonse pamodzi kuti malware, ndipo vayirasi ndi mtundu umodzi chabe. Mtundu wotchedwa worm sudikira kuti munthu atsekule fayilo. Umayenda wokha pa netiweki kusakasaka makina omwe ali ndi mpata wosatseka. Trojan imabwera ngati mlendo wabwino, mwina masewera kapena pulogalamu yaulere, pomwe m'kati mwake mwabisala chiwembu. Dzinali likuchokera ku nthano ya Agiriki ya kavalo wosema yemwe analowetsa asilikali mobisa mumzinda wa Troy. Spyware siifuna kuoneka konse. Imakhala duu, kumalemba chilichonse chomwe munthu akutayipa, kuphatikizapo pasiwedi, n'kumatumiza kwa amene anaitchera. Pomwe ransomware imamanga mafayilo n'kuitanitsa dipo. WannaCry inafala mwachangu chotero chifukwa inali ransomware komanso worm nthawi imodzi: kompyuta imodzi ikagwidwa, zinzake zonse zopanda chigamba pa netiwekiyo zinali pangozi popanda wina kudina paliponse.

Makomo omwe amalowera

Mbiri ya mapulogalamuwa imaonetsa kuti makomo awo ndi ochepa, ndipo ambiri amatsekulidwa ndi dzanja la munthu.

Khomo loyamba linali disiketi. Vayirasi yotchedwa Brain, yomwe imadziwika kuti ndi yoyamba kufala pa makompyuta a mtundu wa IBM PC, inalembedwa mu 1986 ndi abale awiri a mumzinda wa Lahore ku Pakistan, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, omwe analembamo ngakhale maina awo ndi adiresi ya kampani yawo. Inkayenda ndi anthu obwerekana madisiketi mpaka inafika ku America. Mu Disembala 1989, madisiketi pafupifupi 20,000 anatumizidwa pa positi kwa anthu osiyanasiyana, kuphatikizapo ochita kafukufuku wa matenda a Edzi, ponamizira kuti munali uthenga wokhudza matendawa. Pakapita nthawi pulogalamuyo inkabisa mafayilo n'kulamula kuti madola 189 atumizidwe ku bokosi la positi ku Panama. Imeneyo ndiyo inali kholo la ransomware.

Disiketi inatha, koma ntchito yake inasiyira fulashi. Wogwira ntchito amatenga lipoti pa fulashi, kukasindikiza kumalo olipira chifukwa pirinta ya mu ofesi yatha inki, kudutsa nayo pa laputopu ya kunyumba, mawa lake n'kuilowetsa pa kompyuta ya sekilitale, yomwe imalandira mafulashi a ofesi yonse. Ambiri anaonapo mafoda a pa fulashi atasanduka timashotikati, n'kumaganiza kuti ntchito yonse yafufutika. Kawirikawiri mafayilo amakhala angobisidwa, koma wodina pa shotikatiyo amakhala wadzutsa vayirasi ndi chala chake. Asapeputse fulashi aliyense. Stuxnet, yomwe inatulukiridwa mu 2010, inaononga makina okonzera uranium ku Natanz m'dziko la Iran, malo omwe makompyuta ake sanali olumikizidwa ku intaneti, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti inalowa kudzera pa fulashi.

Khomo lachiwiri ndi imelo, ndipo apa nyambo ndi chidwi cha munthu. Pa 4 Meyi 2000, uthenga wa mutu wakuti ILOVEYOU unayamba kufala kuchokera ku Manila m'dziko la Philippines. Unali ndi fayilo yooneka ngati kalata yachikondi, ndipo popeza Windows imabisa zilembo zomalizira za dzina la fayilo, anthu ankaona TXT osadziwa kuti kumapeto kwenikweni kunali VBS, kutanthauza pulogalamu. Munthu akatsekula, uthengawo unkadzitumiza kwa onse omwe anali m'buku lake la maadiresi la Outlook, choncho aliyense ankaulandira kuchokera kwa munthu womudziwa. Nyumba ya Malamulo ya ku Britain ndi likulu la asilikali a America la Pentagon anakakamizika kutseka imelo kwa kanthawi. Oganiziridwa kuti anailemba sanazengedwe mlandu mpaka pamapeto chifukwa dziko la Philippines linalibe lamulo loletsa mchitidwewu. Lamulo linabwera mwezi wotsatira.

Masiku ano achiwembu salembanso za chikondi kawirikawiri. Kwa ogwira ntchito m'boma, nyambo yogwira msanga ndi uthenga wonena za alawansi, kalata yoitanira ku msonkhano wa kunja, mndandanda wa okwezedwa pantchito, kapena chenjezo lakuti akaunti itsekedwa lero lomwe munthu akapanda kulemba pasiwedi. Uthenga wofulumizitsa munthu ndi woyenera kuukayikira koposa. Pa foni ya m'manja mchitidwe ndi womwewo: linki ya pa WhatsApp yolonjeza bandulo yaulere, kapena pulogalamu yotumizirana pamanja m'malo moitenga ku sitolo yovomerezeka ya mapulogalamu.

Khomo lachitatu ndi lomwe WannaCry inadzera, la makina osakonzedwa. Pulogalamu iliyonse yaikulu imakhala ndi zolakwika zomwe zimapezeka pang'onopang'ono, ndipo eni ake amatulutsa zigamba zozitseka. Chigamba chikangotuluka, achiwembu nawo amadziwa pomwe pali mpata, n'kuyamba kusaka omwe akuzengereza. Conficker inabuka mu Novembala 2008, patangotha mwezi umodzi Microsoft itatulutsa chigamba chake, koma inalowabe m'makompyuta a unduna wa zachitetezo ku Britain ndi a asilikali apamadzi a ku France. Patadutsa zaka zoposa zisanu ndi zitatu, cholakwa chomwecho chinabwerezedwa m'zipatala.

Kumwera kwa Africa kuno vutoli si lachilendo. Mu Sepitembala 2021, ransomware inamanga makina a unduna wa zachilungamo ku South Africa, ndipo imelo, zikalata za makhoti ndi malipiro ena a chisamaliro cha ana zinasokonekera. Kuno ku Malawi, mu Febuluwale 2024, Dr Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu analowerera makina a ziphaso zoyendera ndipo ankafuna dipo, lomwe boma linakana kupereka. Ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo.

Zizindikiro

Kompyuta yogwidwa imatha kuyamba kuchedwa popanda chifukwa, kuzima ndi kuyaka yokha, kutulutsa mauthenga otsatsa malonda, kapena kudya intaneti pomwe palibe akuigwiritsa ntchito. Nthawi zina amayamba kuzindikira ndi anzake a munthu, omwe amalandira maimelo omwe iye sanatumize. Antivayirasi ikazima yokha n'kukana kuyakanso, chimenecho ndi chizindikiro chachikulu. Komabe mapulogalamu oopsa kwambiri saonetsa kanthu, chifukwa cholinga chawo ndi kukhala miyezi akumvetsera.

Kapewedwe

Chinthu choyamba, ndiponso chomwe chimanyalanyazidwa kwambiri, ndi kulola makina kulandira zigamba. Ogwira ntchito ambiri amadina pakuti "mawa" chifukwa intaneti ndi yochedwa kapena lipoti likufunika msanga, ndipo mawalo limasanduka chaka. Ndi udindo wa mkulu wa ofesi, osati wa katswiri wa makompyuta yekha, kupatula nthawi yochitira zimenezi. Palinso makina omwe sangalandirenso chigamba chilichonse chifukwa eni ake anasiya kuwasamalira: Windows XP inasiyidwa mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 inafika pamapeto a chisamaliro chake cha masiku onse mu Okutobala 2025. Makina otere, ngati sangasinthidwe msanga, asalumikizidwe ku intaneti kapena ku netiweki yomwe ili ndi zinthu zofunika. Mapulogalamu okopera mwachinyengo ali ndi vuto lomwelo, ndipo ena amabwera ndi trojan m'kati kale.

Antivayirasi ndi yofunika, koma imagwira bwino ntchito pokhapokha ikamalandira mndandanda watsopano wa adani tsiku ndi tsiku. Yomwe laisensi yake inatha kalekale ili ngati mlonda wogona. Windows ya masiku ano imabwera ndi yakeyake yotchedwa Microsoft Defender, choncho kusowa kwa ndalama si chifukwa chokhalira opanda chitetezo. Kuika maantivayirasi awiri pa kompyuta imodzi sikuonjezera mphamvu, amangolimbana okhaokha.

Fulashi iliyonse yochokera kunja iyambe yapimidwa isanatsekulidwe, ndipo yotola pansi isalowetsedwe n'komwe. Imelo yokhala ndi fayilo yomwe munthu sanali kuiyembekezera, ngakhale ioneke kuti yachokera kwa bwana, ndi bwino kuyamba waimba foni kufunsa. Fayilo ya Word kapena Excel ikapempha chilolezo choyendetsa timapulogalamu ta m'kati mwake totchedwa macro, yankho likhale lokana kufikira katswiri ataona. Pasiwedi ikhale yaitali, yosiyana pa akaunti iliyonse, isakhale dzina la mwana kapena chaka chobadwa, ndipo isamatidwe pa kapepala pansi pa kiyibodi. Pomwe pali mwayi wotsimikiza kawiri, monga ndi nambala yobwera pa foni, mwayiwo ugwiritsidwe ntchito. Ntchito za tsiku ndi tsiku zisachitikire pa akaunti ya administrator, chifukwa vayirasi imatenga mphamvu zonse za akaunti yomwe yaidzutsa.

Koma chomwe chimapulumutsa ofesi zonse zikalephera ndi makope a mafayilo. Akatswiri amalangiza kukhala ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likusungidwa kunja kwa ofesi. Kope lomwe lili pa hadi disiki yolumikizidwa ku kompyuta usana ndi usiku si kope lodalirika, chifukwa ransomware imamanga chilichonse chomwe yachifikira. Ndipo makopewo aziyesedwa nthawi ndi nthawi pobwezeretsa mafayilo angapo, popeza n'zotheka kusunga kwa zaka zinthu zomwe sizingatsekuke.

Ngozi ikachitika

Kompyuta ikaonetsa uthenga wa dipo kapena zachilendo zina, choyamba ndi kuzula chingwe cha netiweki ndi kuzimitsa Wi-Fi kuti matendawo asadumphire kwina. Fulashi yomwe inali pamenepo isapite pa makina ena. Wogwira ntchito ajambule uthengawo ndi foni n'kudziwitsa a zamakompyuta nthawi yomweyo, osayesa kufufuta yekha, chifukwa angaononge umboni. Mapasiwedi asinthidwe kuchokera pa kompyuta ina yabwinobwino. Ambiri amabisa poopa kudzudzulidwa, ndipo maola omwe amatayika pobisapo ndi omwe vayirasi imafalira. Mkulu wa ofesi wokalipira onena zoona amangophunzitsa ena kukhala chete.

Kupereka dipo sikutsimikiza kanthu. Ambiri omwe analipira pa nthawi ya WannaCry sanabwezeredwe mafayilo awo. Mliriwo unachepa mphamvu pamene katswiri wina wachinyamata wa ku Britain, Marcus Hutchins, analembetsa adiresi ya pa intaneti yomwe anaipeza m'kati mwa pulogalamuyo, yomwe inapezeka kuti inali ngati switchi yoizimitsira. Mu Disembala 2017 maboma a America ndi Britain analoza chala dziko la North Korea, lomwe linakana.

M'Malawi muno, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'makina a ena popanda chilolezo kapena kufalitsa vayirasi mwadala ndi mlandu. Lamulo lomwelo linakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA, yomwe imalandira malipoti a ziwembu za pa makompyuta ndi kuthandiza mabungwe okhudzidwa. Lamulo la Data Protection Act la 2024 linaonjezera udindo kwa onse osunga mbiri za anthu kuti aziziteteza, ndipo maofesi a boma, omwe amasunga maina, manambala a ziphaso ndi malipiro a anthu miyandamiyanda, ali m'gulu limeneli.